Mfumu Ndakhalapo ndi Chikuku cha Mwatitha

Kuseri kwa mapiri kumene mabasi safika kuli ufumu wotchedwa Pepanitu. Anthu ake ndi aulemu kwambiri. Munthu akakupondani, amapepesa mogwira mtima, nthawi zina mpaka kugwetsa misozi, koma phazi lake osalichotsa.

Ufumuwo unali ndi lamulo lakale limene ngakhale mwana woyamwa ankalidziwa: chilichonse chimene mfumu yakhalapo chimasanduka mpando wachifumu, ndipo munthu wamba sakhalaponso. Mfumu ikangodzuka, a Gwadani, Nduna Yoona za Mipando, ankamanga kansalu kofiira pa chinthucho, asilikali n'kuchinyamula kupita nacho ku nkhokwe za kulikulu, ku Bweraninsomawa. M'nkhokwemo munali mipando ya ndalema, mabenchi a m'tchalitchi, mitondo, zitsa, njinga ya kabaza, ndi bulu mmodzi amene anakalamba akudya bwino kuposa mwini wake.

Mfumu ya nthawi imeneyo inali Ndakhalapo Yachitatu, munthu wosakonda nkhondo koma wotopa msanga miyendo. Anthu akamva kuti ikubwera kudzawayendera, ankasesa pabwalo, kukhoma mbendera, n'kubisa mipando yonse kudenga. Pamsika wa Tsitsani, wolengeza akafuula kuti, "Mfumu ikhale ndi moyo wautali!" amayi ogulitsa tomato ankavomera mokweza kuti, "Ikhale!" Kenako chapansipansi ankamaliza kuti, "Koma pa mpando wa mnzanga."

Pamwamba pa phiri loyang'anana ndi msikawo panali Sukulu ya Ukachenjede ya Mutuwakula. Amene anaimanga ankakhulupirira kuti nzeru zimakhala m'mwamba, motero chilichonse chofunika anachiika pamwamba pa masitepe. Holo ya mayeso omaliza ndiyo inali pansonga penipeni, kuti munthu azifikako atalapa kale machimo ake.

Pasukulupo panali mtsikana wa chaka chomaliza, Mwatitha Kachere, wophunzira za ulimi wothirira. Miyendo yake inasiya kugwira ntchito ali mwana, ndipo ankayendera chikuku, mpando wamatayala umene ankaupalasa ndi manja ake. Zaka zonsezo anakwera phirilo popanda komiti. Akafika pa masitepe ankadikira pang'ono, ndipo odutsa, kaya anyamata ochokera ku mpira kaya atsikana opita ku kwaya, ankagwira chikukucho uku ndi uku n'kukwera naye, nkhani yawo osaidukiza. Pamwamba ankamutula, iye n'kuthokoza, aliyense n'kulowera kwake. Palibe amene ankazitcha chifundo. Kwa iwo inali chabe njira yopitira m'kalasi.

Koma holo ija inali ndi lamulo lakelake. Pofuna kupewa kubera mayeso, wolemba aliyense ankayenera kudutsa pakhomo yekha, osagwidwa ndi munthu, ndipo wotsala panja belu likalira, zaka zake zonse zinkangolowa m'madzi. Pakhomopo panali sitepe imodzi yaitali ndithu. Mwatitha anaiyang'ana, anaiyeza ndi maso a munthu wozolowera kuyeza ngalande, n'kuona kuti thabwa limodzi lokha likhoza kuthetsa nkhani yonse. Choncho anapita kwa pulezidenti wa bungwe la ophunzira, Filimoni Kamphulusa.

Filimoni sanali munthu woipa, Mulungu ndi mboni. Mtima wake unali wofewa ngati papaya wakupsa, koma makutu ake ankatsegukira mkati, moti ankamva bwino mawu a iye mwini okha. Anasankhidwa ndi mfundo yakuti, "Ululu wa mmodzi, ululu wa tonse," ndipo mawuwo anawalembetsa pa chithabwa chachikulu, pamodzi ndi nkhope yake ikumwetulira, n'kuchikhoma pambali pa khomo la holo.

"A Pulezidenti, ndabwera ndi kapempho kakang'ono," anatero Mwatitha. "Pakhomo pa holo paja..."

"Asisi Mwatitha, musapitirize," Filimoni anamudula, misozi ikulengeza kale. "Ndamva zonse. Mwatichititsa manyazi. Zaka zonsezi takhala tikukunyamulani popanda ndondomeko!"

"Thabwa limodzi lokha, achimwene. Lotalika chonchi."

"Thabwa!" Filimoni anatembenukira a komiti yake. "Mwakumva kudzichepetsa kumeneku? Munthu akufunika kumvetsedwa, iye akupempha thabwa."

A komiti anapukusa mitu mwachisoni, mmodzi n'kuyamba kufufuza kansalu kopukutira m'maso.

Tsiku lomwelo analengeza Sabata Yomva Ululu wa Mnzako. Openya anamangidwa zitenje kumaso kuti amve zimene osaona amamva, ndipo anaombana mitu m'makonde mpaka mnyamata wina wosaona, wa kalasi ya malamulo, anatopa ndi phokosolo n'kuyamba kuwalondolera mmodzimmodzi ku zipinda zawo. Ana a anthu olemera anagona ndi njala kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya tiyi, kenako anadya kawiri kuti alimbe mtima. Panakhazikitsidwanso kagulu kolira m'malo mwa amene anali otanganidwa ndi kuwerenga.

Chimake cha zonse chinali chakuti atsogoleri alawe moyo wa pachikuku. Pasukulu yonse chikuku chinalipo chimodzi.

"Tingobwereka kwa kanthawi, asisi," anatero Filimoni atafika kuchipinda kwa Mwatitha. "Kuti timve zimene mumamva."

Esinati, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa pakamwa posabisa mawu, anaimika kuchapa. "Ndiye miyendo yanuyo mumusiyira, a Pulezidenti? Nayenso alaweko?"

"Esinati, iyi si nkhani yoseketsa."

"Ndikuona. N'chifukwa chake simukuseka nokha inu."

Mwatitha anali munthu wosakonda kukana anthu a zolinga zabwino, chimene ndi chiyambi cha mavuto ambiri padziko. Anakwawira pabedi n'kunena kuti, "Tengani, koma mubweze msanga, mayeso ndi Lolemba. Ndipo musamale, buleki ya kumanzere..."

"Musadzivutitse ndi kulankhula, asisi. Sabata ino ife ndiye tikulankhulirani."

Kuti mwambowo ukhale waulemu, anaitana mfumu kudzakhala mlendo wolemekezeka. Akuluakulu a sukulu anachita monga amachitira anthu onse anzeru a ku Pepanitu: mipando yonse, madesiki, ngakhale ndowa zimene munthu angazivundikire n'kukhalapo, anakazibisa m'munda wa chimanga wa kalasi ya ulimi. Pabwalo panali mbee. Pakati pokha ndi pamene panaikidwa chikuku cha Mwatitha, atachipukuta n'kuchikongoletsa ndi maluwa, kuti anthu azichiyang'ana n'kumamva chisoni.

Mfumu inafika, ng'oma zinalira, Filimoni anayamba kulankhula. Anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Anafotokoza za chifundo cha nyerere, umodzi wa njuchi, ndi mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzuwa linafika pamutu iye asanafike pa mfundo yake yoyamba. Mfumu inaimira mwendo wamanja, kenako wamanzere. Inayang'ana uku, inayang'ana uko. Filimoni atati, "Tsono, ndisanayambe," mfumu inausa moyo, inayenda pang'onopang'ono, inachotsa maluwa aja, n'kukhala pachikuku.

Pabwalo panati zii. Ngakhale woimba ng'oma anatsala dzanja lili m'mwamba.

A Gwadani anatulutsa kansalu kofiira m'thumba mwawo.

"Gwadani," inatero mfumu, ikudzikankha pang'ono kutsogolo n'kubwerera, "bwanji simunandiuze kuti kuli mipando yoyenda? Zaka zonsezi ndakhala ndikudzuka kuti ndipite kwina!"

"Ndi nzeru za Mwinidziko kuti mwauzindikira nokha," anayankha a Gwadani.

Madzulo a tsikulo chikuku chinapita ku Bweraninsomawa, mfumu ili momwemo, asilikali akukankha.

Kunyumba yachifumu nduna zinakumana mwadzidzidzi. Poyamba zinakangana ngati chinthucho chinali mpando kapena njinga, pakuti chikanakhala njinga chikanagwera m'manja mwa Nduna ya Zamtengatenga. A Gwadani anapambana ponena kuti njinga ilibe potsamira. Kenako panabwera dandaulo la mfumu: mpando watsopanowo unkakana masitepe. Nthawi yomweyo panatuluka lamulo lakuti masitepe ndi chipongwe kwa Mwinidziko, ndipo paliponse pamene mfumu ifuna kudutsa pamangidwe njira yotsetsereka. Mfumu inakumbukira phiri la Mutuwakula ndipo inalakalaka kudzatsika kuchokera ku holo mpaka kuchipata, mphepo ikuomba kumaso.

Simenti imene kwa zaka zambiri inkanenedwa kuti ili m'njira inafika tsiku lomwelo. Amisiri anagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Pamsika wa Tsitsani anthu ankangoyang'ana phirilo likusalala.

"Kodi si uja anati kulibe simenti m'dziko muno?" anafunsa mayi Nagama, wogulitsa tomato.

"Inalipo, mayi," anayankha wogulitsa makala. "Imadikira munthu woyenera kuti atope miyendo."

"Ndiye tipemphere kuti tsiku lina adzamve ludzu. Mwina mjigo wathu uja n'kukonzedwa."

Filimoni anapita kulikulu kukapempha chikuku. Anagwada pamaso pa a Gwadani n'kufotokoza kuti mwini wake ali ndi mayeso Lolemba.

"Mwini wake?" anadabwa a Gwadani. "Mwana wanga, mwini wake ali m'chipindamo, akuzungulira tebulo. Koma boma lamva ululu wa mtsikanayo. Titumiza nthumwi zikamupepese."

Nthumwizo zinapitadi. Zinaima pakhomo pa chipinda cha Mwatitha, zinapepesa mogwira mtima, zinamwa tiyi wa Esinati, n'kubwerera.

Masiku amenewo Mwatitha ankapita ku kalasi pamsana pa Esinati. Esinati akatopa, mtsikana wina ankalandira, monga amachitira amayi paulendo wautali ndi mwana wa mnzawo. Wina ankanyamula mabuku. Mnyamata wina wamanyazi, amene sanalankhulepo naye chiyambire, ankafika msanga m'kalasi n'kuyala jekete lake pa benchi yozizira, kenako n'kukakhala kutali ngati sakudziwa za jeketelo. Zinthu zotere sizilengezedwa pa ng'oma, koma alipo amene amaziona. Komabe onse ankadziwa kuti msana wa Esinati sungadutse pakhomo pa holo.

Filimoni anafika kuchipinda kuja mutu uli pansi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analibe mawu okonzeratu.

"Asisi, ndalephera."

"Mwamva ululu wanga tsopano?" anafunsa Mwatitha, maso ali pa buku.

"Ndaumva."

"Ayi, achimwene, umenewo ndi wanu. Wanga ndi wakuti Lolemba ndilibe cholowera mu holo." Anatembenuza tsamba. "Komanso mfumu yanuyo muiuze. Buleki ya kumanzere sigwira. Ukakoka zonse ziwiri pamtsetse, chikuku chimakhotera kumanja n'kupitiriza ulendo. Ndimati ndikuuzeni tsiku lija."

Filimoni anathamanga liwiro la mtondo wadooka kubwerera kulikulu. A Gwadani anamumvetsera mpaka kumapeto, chifukwa anali aulemu, kenako anati, "Ukunena kuti mpando wachifumu uli ndi chilema? Mawu amenewo ndawamva ine ndekha, ndipo ndawaiwala chifukwa ndimawadziwa bambo ako. Pita."

Loweruka mfumu inabwera kudzatsegulira njira yatsopano. Asilikali anaikankha mpaka pakhomo pa holo, anaitembenuza kuyang'ana kumunsi, ndipo inawalamula kuti aisiye. Poyamba inaseka ngati mwana. Pakati pa phiri chisoti chinauluka. Itayandikira chipata, pamene nduna zinafola kuti ziilandire ndi m'manja, inakoka mabuleki onse awiri. Chikuku chinakhotera kumanja mwaulemu, chinalambalala nduna zonse, chinadutsa kachipata ka anthu oyenda pansi, chinawoloka msewu, n'kulowa mumsika wa Tsitsani nkhuku zikubalalika. Tayala linagunda mwala wa mayi Nagama wotsamiritsira lichero. Chikuku chinaima. Mfumu sinaime. Inauluka pang'ono, monga zimayenera munthu waulemu wake, n'kutera khu, chokhala, pa dothi la pamsika, tomato ali mbali zonse.

Msika wonse unaona. Ophunzira amene anathamangira kumeneko anaona. A Gwadani anafika ali wefuwefu, anayang'ana mfumu, anayang'ana dothi, nkhope yawo n'kuchita ngati phulusa.

"Palibe chimene chachitika pano," analengeza. "Palibe amene waona kanthu."

"Ine ndiye maso anga amavuta kale," anatero mayi Nagama. "Koma tomato wangayu akuoneka kuti waona."

Filimoni anali ataima kutsogolo kwa ophunzira. Anayang'ana chikuku chili gada, tayala limodzi likuzungulirabe, kansalu kofiira kakulendewera. Pakamwa pake, pamene panamugwetsera m'mavuto onsewa, panatseguka, ndipo ulendo uno panatuluka mawu ochepa.

"Mfumu ikhale ndi moyo wautali!" anafuula. "Mfumu yakhala pansi!"

"Iwe, khala chete!" anatero a Gwadani.

"Bwana Nduna, lamulo la makolo sitingalinyoze. Chimene Mwinidziko wakhalapo ndi mpando wachifumu. Wakhala pa nthaka. Mangani kansalu."

Ophunzira anamva msanga, pakuti sanapite ku sukulu pachabe. Anayamba kuomba m'manja n'kumaimba kuti, "Yakhala pansi! Yakhala pansi!" Amayi a pamsika analowetsa nthungululu. A Gwadani, amene moyo wawo wonse sanaphonyepo lamulolo ngakhale pa bulu, anatulutsa kansalu, anasowa pomanga, n'kukamanga pa kachitsamba ka bonongwe kamene kanamera pamenepo.

Asilikali anafunsa ngati ayambe kunyamula nthakayo kupita nayo ku nkhokwe. Anauzidwa kuti adikire kaye, chifukwa nkhokwezo nazonso zinali pa nthaka yomweyo.

Kuyambira nthawi imeneyo ufumu wonse wa Pepanitu unaima chilili. Kukhala pansi kunali kukhala pa mpando wachifumu. Kukhala pa mpando kunali koipa koposa, chifukwa kunali kusanjika mpando wako pamwamba pa wa mfumu. Filimoni anagawa ophunzira m'magulu kuti ayende m'misika ndi m'maofesi kukumbutsa anthu mwaulemu kuti amvere lamulo, ndipo anaonetsetsa kuti gulu la mawu okoma kwambiri likaime pa mawindo a nyumba ya nduna. Nduna ina ikangopinda mawondo, kwaya inkayamba nyimbo yotamanda kumvera. Osoka anasoka ataima. Oweruza anaweruza ataima, ndipo milandu imene inatha zaka inatha tsiku limodzi. Ometa tsitsi anaima ndi zala za kumapazi kuti afikire mitu.

Munthu mmodzi yekha mu ufumu wonse sakanatha kuima. Mwatitha anali pa mphasa pansi pa mtengo wa mbawa, kuseri kwa laibulale, akuwerenga za madamu. Asilikali atabwera kudzafufuza ophwanya lamulo, anapeza gulu la ophunzira litaima mothinana mozungulira mtengowo, mapewa atagundana, akuimba nyimbo ya Mulungu. Panali a mpira, a kwaya, ana a olemera aja, ndi mnyamata wosaona wa malamulo amene ankatsogolera besi. Palibe amene anawaitana.

"Muli chiyani pakatipo?" anafunsa mkulu wa asilikali.

"Mtengo, bwana," anayankha Esinati.

Msilikaliyo anasuzumira pakati pa miyendo ya anthu, anaona mphasa ndi buku ndi manja awiri. Anawongoka, anakanda m'mutu. "Mtengo wabwino," anatero. "Muziuthirira." Ndipo anatenga anthu ake n'kupita.

Kunyumba yachifumu zinthu zinafika poipa Lamulungu. Mfumu yokha ndiyo inali ndi ufulu wokhala, koma chifukwa cha mmene inaterera pamsika paja, ufuluwo sunkagwiritsidwa ntchito. Inagona chafufumimba pa mkeka, nduna zitaizungulira chilili, miyendo itatupa ngati mitondo. Ndipo inazindikira chinthu china chimene chinaiwawa kuposa bala.

"Gwadani, bwanji lero palibe amene wandigwadira?"

"Mwinidziko, kugwada ndi kuika mawondo pa mpando wachifumu."

"Ndiye anthu azindilankhula ataima? Ine ndili pansi, iwo ali pamwamba?"

"Ndi lamulo la makolo, Mwinidziko."

"Makolowo anali ndi mipando ingati?"

Panja kwaya ya ophunzira inali pa ndime yachitatu.

"Ndipo mpando woyenda uja," inapitiriza mfumu, "uli ndi mtima woukira. Ndani mwini wake?"

"Mtsikana wina wa pasukulu, Mwinidziko. Sayenda."

"Sayenda? Nanga masiku onsewa amayenda bwanji?"

Funsolo linazungulira chipinda chonse kufuna woliyankha, ndipo linabwerera kwa mwini wake. Mfumu inatsamiritsa chibwano pa mkeka. Zimene zinadutsa mumtima mwake akudziwa ndi Mulungu. Ife tingoti mwina linali bala, mwina chinali china.

Madzulo a tsikulo wolengeza anayenda m'misewu kunena kuti Mfumu Ndakhalapo Yachitatu, mwa nzeru zake zokha, popanda woikakamiza, yathetsa lamulo la mipando. Ufumu wonse unakhala pansi nthawi imodzi, ndipo akuti phokoso la kuusa moyo linamveka mpaka kuseri kwa mapiri. Nkhokwe zinatsegulidwa. Anthu anatuluka atasenza mipando ya agogo awo. Bulu yekha ndiye anakana kutuluka.

Chikuku anakachitenga ndi Filimoni mwini, pamutu, kuchokera kulikulu mpaka kusukulu. Tayala linali litapindika. Anyamata a kalasi ya zomangamanga analiwongola, wokonza njinga wa pachipata anamanga buleki ya kumanzere, ndipo mayi Nagama anatumiza kansalu konyowa kopukutira tomato, pamodzi ndi uthenga wakuti mtsikanayo akalembe bwino.

Lolemba m'mawa Mwatitha anakwera phiri pa njira yosalala imene ufumu unamangira munthu wina. Anzake anamukankha mosinthana mpaka pamwamba. Atafika pakhomo pa holo, onse anaima.

Sitepe ija inali pomwepo. Amisiri anasalaza phiri lonse kuyambira panja pa khomo kutsika, pakuti mfumu inalibe ganizo lolowa mu holo ya mayeso.

Olemba anzake anali atalowa kale. Woyang'anira mayeso anaima mkati, belu lili m'manja, akuyang'ana kumwamba ngati munthu amene wakumbukira mwadzidzidzi kuti denga limafuna kuyenderedwa. Filimoni anafika patsogolo pa chikuku, anakonza kolala, anakoka mpweya wambiri. Esinati anatseka maso.

Koma mpweyawo anautulutsa wopanda mawu. Anagwada kuti maso ake alingane ndi a Mwatitha.

"Asisi, mukufuna chiyani?"

"Thabwa, achimwene. Lotalika chonchi."

Filimoni anayang'ana uku ndi uku. Pamwamba pa phiri panalibe mtengo, panalibe chitseko chopuma. Panali chithabwa chimodzi chokha, chokhomedwa pakhoma, cha mawu akuluakulu ndi nkhope yomwetulira. Anachigwira ndi manja awiri, anachikoka, misomali inalira n'kuzuka. Anachigoneka pa sitepe, nkhope ili m'mwamba, anachiponda kuti aone ngati chalimba.

"China?"

"Musunthe. Mwanditsekera njira."

Anasuntha.

Mwatitha anabwerera m'mbuyo pang'ono, anagwira matayala, anapalasa kawiri mwamphamvu. Chikuku chinakwera thabwalo popanda dzanja la munthu wina, tayala lamanja likudutsa pa mawu akuti "ululu," lamanzere pakati penipeni pa mano a pulezidenti. Atangolowa, woyang'anira uja anamaliza kuyendera denga ndipo analiza belu.

Thabwalo likadali pomwepo. A komiti anafuna kulipenta mwatsopano, koma Filimoni anakana. Amene amapita ku Mutuwakula amaiona nkhope ija pansi pa khomo, mzere wa tayala utadutsa pakamwa, ikumwetulirabe.